Wosewera wovulalavulala: zoyenera kuwerengera kalabu isanamuwonjezere kontirakiti

Kontirakiti ya wosewera mpira yatsala ndi chaka chimodzi. Ejenti wayamba kuimba foni, ochemerera agawikana pawiri, mphunzitsi akuti mnyamatayu akakhala bwinobwino palibe womugwira, pamene dokotala wa timu wangoti duu, fayilo yonenepa ili pamiyendo. Apa m'pamene makalabu ambiri amasochera, chifukwa amataya nthawi kukangana ngati wosewerayo ali ndi luso kapena ayi. Lusolo palibe akulikana. Chimene kalabu imagula ikamasainira zaka zina ndi mphindi za m'bwalo. Ntchito yonse ndi kupeza kuti mphindizo zidzakhala zingati, zidzadya ndalama zingati, ndipo zikadzapanda kupezeka woluza adzakhala ndani.

Yambani ndi fayilo

Tengani mbiri ya masizoni atatu apitawa, ngati n'kotheka asanu. Pa kuvulala kulikonse lembani tsiku, chiwalo, mbali yake (kumanja kapena kumanzere), ngati kunachitika pa gemu kapena pa tireningi, ngati wina anamugunda kapena anangogwa yekha akuthamanga, masiku amene anakhala panja, komanso ngati malo omwewo anavutanso pasanathe miyezi iwiri chibwerereni. Magemu amene anaphonya chifukwa cha makhadi, matenda wamba, timu ya dziko lake kapena kusasankhidwa ndi mphunzitsi muwaike padera. Anthu ambiri amaphatikiza zonsezi, kenaka n'kumupatsa dzina loipa munthu amene theka la nthawiyo anali wathanzi koma ali pabenchi.

Musadabwe ndi kuchuluka kwa mizere m'fayilomo. Kafukufuku wa UEFA (bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya) wa makalabu akuluakulu, amene Jan Ekstrand ndi anzake akhala akuchita kuyambira 2001, anapeza kuti timu ya osewera 25 imakumana ndi kuvulala pafupifupi ka 50 pa sizoni. Ndiye kuti kuvulala kawiri pa chaka ndi moyo wa wosewera aliyense. Chofunika ndi masiku otayika ndi mtundu wa vutolo. Amene anagundidwa kanayi n'kumakhala panja masiku asanu asanu si wofanana ndi amene anavulala kamodzi kokha koma mtsempha unamugoneka masiku 120 ndipo mpaka lero umalumabe m'mawa.

Kuvulala sikufanana

Gulu losavuta kuliweruza ndi la ngozi zogundana: fupa lothyoka, phewa loguluka, nthiti. Fupa likalumikizana bwino limalimba, ndipo kuthyoka mwendo chaka chatha sikutanthauza kuti uthyokanso chaka chino. Chosamala n'chimodzi: kodi kuthyokako kunalowa m'malo olumikizana mafupa? Abou Diaby anathyoledwa akakolo pa gemu ya Arsenal ndi Sunderland mu May 2006. Fupalo linapola, koma zaka zotsatira anavutika ndi minofu ndi bondo motsatizana, mpaka kontirakiti yake inatha mu 2015. Akakolo akasiya kupindika ngati kale, katumba, ntchafu ndi bondo zimasenza katundu amene si wawo. Choncho pa wosewera wotere musangoona chithunzi cha fupa, yezani mmene phazi likupindikira poyerekeza ndi linzake.

Gulu lachiwiri ndi la minofu yong'ambika popanda womugunda, makamaka ya kuseri kwa ntchafu imene timaitcha hamstring, ya katumba ndi ya m'mphechepeche. Ili ndi gulu limene limabereka dzina loti wovulalavulala. M'kafukufuku wa UEFA uja, hamstring inali 12 peresenti ya kuvulala konse mu sizoni ya 2001/02, koma pofika 2021/22 inali itafika pa 24 peresenti. Pafupifupi kuvulala kumodzi mwa kusanu kulikonse kwa mnofuwu kunali kobwereza, ndipo kobwerezako kochuluka kunachitika mkati mwa miyezi iwiri munthu atangobwerera m'bwalo. Mfundo imeneyi ndi yofunika powerenga fayilo. Mukaona hamstring yakumanzere katatu m'miyezi isanu, nthawi zambiri si kuvulala kutatu ayi, ndi kumodzi kumene sikunapatsidwe nthawi yopola. Koma mukaona kumanzere chaka chino, kumanja chaka chamawa, katumba chaka chinacho, pamenepo vuto lili m'thupi lonse kapena m'kathamangidwe, ndipo kulikonza kumafuna ntchito yaitali.

Ngakhale zili choncho, gulu limeneli ndi limene makalabu amanong'oneza bondo kwambiri akafulumira kutaya munthu. Robin van Persie anatha zaka zingapo ku Arsenal osamaliza sizoni, kenaka mu 2011/12 anasewera magemu onse 38 a ligi n'kumwetsa zigoli 30, ndipo chaka chotsatira anamwetsa 26 ku Manchester United n'kutenga ligi. Ousmane Dembélé anang'ambika hamstring mu September 2017 atangofika ku Barcelona, n'kuvulalanso kwambiri mu February 2020. Mu 2022 Barcelona inamuwonjezera zaka ziwiri, mu 2023 anapita ku Paris Saint-Germain, ndipo mu 2025 anatenga Champions League ndi Ballon d'Or. Mnofu umamva mankhwala ake, omwe ndi kuulimbitsa ndi kuupatsa mpata wopuma.

Gulu lachitatu ndi la mtsempha wa mkati mwa bondo, ACL. Masiku ano pafupifupi onse osewera m'maligi akuluakulu amabwerera akachitidwa opaleshoni, ambiri patatha miyezi isanu ndi iwiri kapena kuposerapo. Chobisika chili patsogolo: kafukufuku wa Markus Waldén ndi anzake wa mu 2016 anapeza kuti patatha zaka zitatu, osewera 65 okha mwa 100 alionse anali akusewerabe pa mlingo wawo wakale. Ndiye kubwerera m'bwalo sikutsimikizira kanthu. Funsani ngati pamodzi ndi mtsemphawo panawonongekanso meniscus, kachitsamiro kofewa kokhala pakati pa mafupa a bondo, ndipo ngati inasokedwa kapena inadulidwa. Yodulidwa imabweza munthu m'bwalo msanga, koma bondolo limatha msanganso.

Gulu lachinayi ndi loopsa kuposa onse, ngakhale silichita phokoso: kuperepeseka kwa cartilage, kachikuto koterera kamene kamaphimba nsonga za mafupa m'bondo ndi m'chiuno, komanso mitsempha yotupa kosatha ya pansi pa bondo ndi ya kuchidendene. Cartilage ikatha siimeranso monga inalili. Ledley King wa Tottenham ankatha sabata yonse osachita tireningi ndi anzake, n'kungotulukira pa tsiku la gemu, ndipo anasiya mpira mu 2012 ali ndi zaka 31. Owen Hargreaves anathandiza Manchester United kutenga Champions League mu 2008, kenaka mitsempha ya maondo onse awiri inamulanda pafupifupi masizoni atatu, mpaka anamumasula mu 2011. Chizindikiro cha gulu ili sichioneka pa gemu. Chimaoneka mawa lake: bondo latupa madzi, munthu akutsika masitepe cham'mbali atagwira chitsulo, ndipo Lachiwiri ali panjinga ya m'chipinda cholimbitsira thupi anzake ali pabwalo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Kwa ife, wosewera wa m'gulu ili sayenera kupatsidwa zoposa chaka chimodzi, kaya dzina lake ndi lalikulu bwanji.

Dzifufuzeni nokha musanaloze chala

Onani fayilo ya timu yonse. Ngati osewera asanu ang'ambika hamstring m'miyezi itatu, vuto si mnyamata mmodziyu. Mwina mphunzitsi watsopano wakweza liwiro la tireningi mwadzidzidzi, mwina magemu apanikizana. Kafukufuku wa UEFA yemwe uja anasonyeza kuti minofu imavulala kwambiri pakakhala masiku anayi kapena ochepera pakati pa magemu, kusiyana ndi pamene pali masiku asanu ndi limodzi kapena kuposerapo. Anasonyezanso kuti m'matimu amene dokotala ndi mphunzitsi salankhulana bwino, osewera amakhala panja nthawi yochuluka.

Funsaninso ngati wosewerayo anachitapo masewera otetezera minofu mokhulupirika. Nordic hamstring, pamene munthu amagwada mnzake atamugwira akakolo n'kumagwera kutsogolo pang'onopang'ono, imachepetsa kuvulala kwa mnofuwu pafupifupi ndi theka. Copenhagen adduction, yolimbitsa minofu ya mkati mwa ntchafu, inachepetsa mavuto a m'mphechepeche ndi 41 peresenti pa kafukufuku wa ku Norway. Makalabu ambiri amawadziwa masewerawa koma samawatsatira mpaka kumapeto, chifukwa masabata oyamba amawawitsa minofu ndipo osewera amadandaula. Ngati izi sizinachitike, kalabu sinayesebe kumukonza munthuyo. Ikamutaya, timu ina ikamukonza ndipo adzabwera kudzakumwetsani zigoli.

Muyezeni asanasaine

Malamulo a FIFA okhudza osewera ndi kusamuka kwawo, pa ndime 18, amanena kuti kontirakiti singadalire zotsatira za kuyeza kwa dokotala. Mawu oti "mgwirizanowu udzagwira ntchito akapambana kuyezedwa" alibe mphamvu. Cholembera chikangotsika, munthuyo ndi wanu ndi bondo lake lomwe. Pogula wosewera watsopano makalabu amakumbukira zimenezi, koma powonjezera kontirakiti ambiri amadumpha kuyeza poganiza kuti munthuyo amamudziwa kale.

Kuyezako kukhale ndi sikani ya MRI ya malo amene akhala akuvuta, muiike pambali pa ya zaka ziwiri zapitazo kuti muone ngati zinthu zaima kapena zikutsetsereka. Sikani payokha isakuopseni, chifukwa maondo a osewera ambiri achikulire amaonetsa zipsera ngakhale eni ake sakumva ululu. Iwerengedwe pamodzi ndi zimene thupi likuchita. Yezani mphamvu ya mwendo wovulala poyerekeza ndi winawo. Madokotala ambiri amayamba kukayika kusiyana kukapitirira 10 peresenti. Tsegulani manambala a GPS, kachipangizo koyeza mtunda ndi liwiro kamene osewera amavala: kodi liwiro lake lapamwamba labwerera pamene linali asanavulale? Kodi amafikapo kangati pa gemu? Wosewera amene akuopa mnofu wake amathamanga mtunda wofanana ndi kale koma safika pa liwiro lenileni, ndipo maso paokha sangazione zimenezi. Pomaliza itanani dokotala wapadera wakunja kwa kalabu. Dokotala wa timu ndi amene anamuloleza kubwerera maulendo onse aja, choncho n'kovuta kuti aweruze ntchito yake yomwe. Kumbukiraninso kuti mbiri ya thupi ndi chinsinsi cha mwini wake: pamafunika chilolezo chake cholemba isanafike kwa akuluakulu a kalabu.

Masamu ake

Mu ligi ya matimu 20, sizoni ili ndi magemu 38, omwe ndi mphindi 3,420. Tinene kuti wosewera wathu anasewera mphindi 2,400, kenaka 1,900, kenaka 1,200. Ejenti adzabwera ndi avereji ya 1,833. Musailandire, chifukwa mzerewo ukutsika chaka ndi chaka ndipo munthuyo akukula. Werengerani pa nambala yomaliza, n'kuikweza pokhapokha kuyeza kuja kwaonetsa chifukwa chenicheni chokwezera.

Tsopano tinene kuti malipiro ake a chaka ndi 100, m'ndalama iliyonse. Akasewera magemu athunthu 30, gemu iliyonse yakudyerani 3.3. Akasewera 15, yakudyerani 6.7. Pamenepo simunathe. Magemu ena 23 aja pakufunika wina woima pamalo pake, ndipo winayo sangakhale mwana wongoyamba kumene, chifukwa azisewera kuposa theka la sizoni. Akamalandira 40, ndiye kuti malo amodziwo akukudyerani 140. Funso loyenera ndi ili: ndi 140 imeneyo, kuphatikiza mtengo wogulira, mungapeze wosewera mmodzi wopezeka sabata iliyonse amene angakupatseni mapointi ofanana? Nthawi zina yankho limakhala ayi. Arjen Robben ankaphonya magemu ambiri ku Bayern Munich, koma amene ankasewerawo ankasintha zinthu, ndipo chigoli chake ku Wembley mu 2013 chinabweretsa Champions League. Osewera otere ndi ochepa, ndipo pafupifupi kalabu iliyonse imadzinamiza kuti wake ndi mmodzi mwa iwo.

Malo ake m'bwalo asinthenso masamuwo. Womwetsa zigoli kapena winga angathe kulowa mphindi 30 zomaliza n'kupindula, makamaka tsopano pamene malamulo amalola kusintha osewera asanu. Wotchinga pakati kumbuyo ndi goloboyi n'zosiyana: ntchito yawo imadalira kuzolowerana ndi anzawo, choncho wolowa ndi kutuluka amasokoneza mzere wonse. Onjezani malo a m'kaundula. Mu Premier League mndandanda wa osewera achikulire umathera pa 25, ndipo kuyambira 2025/26 UEFA imafuna kuti ndalama zopita kwa osewera ndi makochi, zogulira osewera ndi za maejenti zisapitirire 70 peresenti ya zimene kalabu imapeza. Wogona m'chipinda cha dokotala amatenga malo m'mabuku onse awiri.

Kalembedwe ka kontirakiti

Ngati mwaganiza zomusunga, chofupikitsa choyamba ndi zaka, malipiro pambuyo. FIFA imalola mpaka zaka zisanu, koma kwa munthu wa mbiri yotere chaka chimodzi kapena ziwiri n'zokwanira. Kulipira zambiri kwa chaka chimodzi kuli bwino kusiyana ndi kulipira zochepa kwa zaka zinayi, chifukwa thupi likakana m'chaka choyamba, zitatu zotsalazo mulipirabe ndipo wogula sapezeka. Barcelona inapatsa Samuel Umtiti zaka zisanu mu June 2018, ndipo bondo lake lakumanzere linayamba kumulanda magemu sizoni yotsatira yomwe. Mu January 2022 inamuwonjezeranso mpaka 2026 pa malipiro otsika kuti ipeze mpata wolembetsa Ferran Torres, kenaka mu 2023 anagwirizana zothetsa kontirakitiyo. Kuwonjezera zaka pofuna kupepukitsa mabuku a chaka chino kumangokankhira ngongole kutsogolo.

Malipiro agaweni pawiri. Mwa 100 uja, 60 akhale okhazikika, 40 agawidwe pa magemu 30. Akasewera 15 alandira 80, akafika 30 alandira zonse, akapitirira apatsidwe zoposa 100. Mbali yomalizayi musaichotse, chifukwa munthu amene mukumupempha kusenza nawo chiopsezo ayenera kuonanso phindu zikayenda bwino, apo ayi ejenti sangavomere. Musatsitse gawo lokhazikika mopitirira muyeso. Wosewera amene chakudya chake chili pa kulowa m'bwalo amabisa ululu, amauza dokotala kuti ali bwino ntchafu ikukoka, ndipo kung'ambika kwa sabata ziwiri kumasanduka kwa miyezi itatu. N'chifukwa chake ena amaika gawo la bonasi pa kupezeka, kutanthauza kuti dokotala wamuloleza ndipo ali pa mndandanda wa tsikulo, kaya mphunzitsi wamulowetsa kapena ayi.

Chaka chowonjezera chingamangidwe pa chiwerengero cha magemu, koma lembani momveka kuti gemu n'chiyani: kuyamba, kusewera mphindi 45, kapena kungoponda udzu? Ndi ya ligi yokha kapena ya zikho yomwe? Nanga akavulalira ku timu ya dziko lake? Mlandu wa Heinz Müller ndi phunziro. Goloboyi ameneyu anali ndi kontirakiti ku Mainz 05 imene ikanawonjezeka akanafika magemu 23 a Bundesliga mu 2013/14. Anavulala, kenaka anatsitsidwa ku timu yachiwiri, ndipo nkhaniyo inayenda m'makhoti mpaka khoti lalikulu la zantchito la Germany linagamula mokomera kalabu mu January 2018. Kalabu inapambana, koma patatha pafupifupi zaka zinayi za milandu. Wosewera akayandikira nambala yake n'kuona kuti wayamba kusiyidwa, chipinda chonse chovalira chimaona nawo.

Zinthu ziwiri musalembe popanda loya wodziwa malamulo a mpira. Choyamba ndi mawu opatsa kalabu ufulu wothetsa kontirakiti munthu akavulala: mabwalo a FIFA ndi CAS, khoti lapadziko lonse la milandu ya zamasewera, saona kuvulala ngati chifukwa chokwanira chochotsera wosewera, ndipo mutha kulipira zaka zonse zotsala. Chachiwiri ndi ufulu wa kalabu yokha wowonjezera chaka. Kuti uime pamlandu, malipiro a chakacho alembedweretu, akhale okwera, ndipo tsiku lomaliza lodziwitsira wosewera likhale lodziwika. Malamulo a zantchito a dziko lililonse amalowereraponso. Ku Germany, mwachitsanzo, wolemba ntchito amakakamizidwa kulipira malipiro onse kwa masabata asanu ndi limodzi okha munthu akavulala, kenaka inshuwaransi imatenga malo, n'chifukwa chake osewera ambiri kumeneko amagula inshuwaransi yawoyawo yowonjezera.

Za inshuwaransi musaziikire mtima kwambiri. Makampani amakonda kuchotsa chiwalo chimene chinavulalapo kale, choncho bondo lenilenilo limene mukuliopa ndi limene silitetezedwa. Pulogalamu ya FIFA yoteteza makalabu, imene inayamba mu 2012, imangothandiza munthu akavulalira pa ntchito ya timu ya dziko lake. Imayamba kulipira pakadutsa masiku 28, siipitirira masiku 365, ndipo malire ake ndi mayuro 7.5 miliyoni pa ngozi imodzi.

Nthawi yoganizira

Chiyambireni chigamulo cha khoti la ku Ulaya pa mlandu wa wosewera Bosman mu 1995, wosewera amene kontirakiti yake yatha amachoka ulere, ndipo ikatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi ali ndi ufulu wosainirana ndi kalabu ina. Kontirakiti yothera pa 30 June imatsegula khomo limeneli pa 1 January. Ndiye fayilo itsegulidwe kutatsala miyezi 18, kuti ngati mwasankha kugulitsa mukhale ndi msika umodzi wathunthu. Musakambirane sabata imene wamwetsa zigoli zitatu, musakambiranenso ali pa ndodo. Mulekeni adutse magemu khumi otsatizana atabwerera, chifukwa miyezi iwiri yoyambirira ija ndi imene imaulula ngati mnofu wapoladi.

Kontirakiti ikathera munthu ali mkati mwa kuchira, pali njira yapakati. Zlatan Ibrahimović atavulala bondo mu April 2017, Manchester United sinamuwonjezere nthawi yomweyo, koma anapitiriza kuchira pogwiritsa ntchito zipangizo za kalabuyo, ndipo mu August anasainirana chaka chimodzi. Mu March 2018 anasiyana mwamtendere, iye n'kupita ku LA Galaxy. Kalabu inadziona yokha mmene bondolo likuyendera isanatulutse ndalama, ndipo osewera ena anaona kuti wovulalira pa ntchito satayidwa panjira.

Mukamusunga, tsiku losainira lomwelo dokotala, mphunzitsi ndi wosewerayo alembe ndondomeko imodzi: magemu angati pa masiku khumi alionse, tireningi iti aziidumpha, masewera olimbitsa mnofu azichita masiku ati, ndiponso amene ali ndi mawu omaliza bondo likatupa Lachisanu gemu ili Loweruka. Dzina la munthu ameneyo lilembedwe papepalapo, ndipo asakhale mphunzitsi.